Jakisoni wa ku Thezo

1. Mayi wa bokosi labuluu

Mlendoyo anatsika minibasi pa Nkando m'mawa, chiperoni chitafunditsa phiri la Mulanje mpaka m'chiuno. Panalibe womuchingamira. Anali mayi wamfupi, wa duku lachikasu ndi magalasi akuda. Dzanja lina anagwira ndodo yachitsulo, lina bokosi labuluu longa limene ana amagulitsiramo mafirizesi.

Anyamata a kabaza anamuzinga.

"Tikusiyeni kuti, amayi? Kwa ndani?"

"Kwa anthu amene sakundidikira," anayankha mlendoyo uku akumwetulira.

Ireen Pilato anaona zonsezi ali pa benchi pamene amayi ake, Mayi Agatha, ankagulitsa nandolo ndi nanazi. Ireen anali mtsikana wa Fomu 1, ndipo sukulu inali itatsekera. Chimene chinamugwira maso si duku kapena bokosi. Anali mayendedwe. Mlendoyo ankapendamira uku ndi uku ngati bakha. Ireen ankawadziwa bwino mayendedwe amenewo, pakuti iyenso ankayenda choncho kale.

Mlendoyo anafika pa benchi paja, nanyamula nanazi mmodzi, namununkhiza.

"Moseliwa?" anapereka moni m'Chilomwe.

Mayi Agatha anayankha modabwa. Koma maso a mlendoyo anali pa Ireen.

"Mwali, mano ako oyamba anaguluka usanayambe sukulu, eti? Ankatuluka ndi mizu yomwe, opanda magazi, opanda ululu."

Ireen anagwetsa mbale yoyezera nandolo.

"Inu mayi, ndinu ndani?" anafunsa Mayi Agatha.

"Dzina langa likudikira tsiku lake. Pakali pano munditchule Mayi a Bokosi. Kachipatala kanu kali mbali iti?"

Anamulozera. Mlendoyo analipira nanazi uja, nanka nazimirira m'chifunga, ndodo ikulira kho! kho! pa tala.

2. Mmisiri waganyu

Ireen anabadwa ndi matenda osowa kwambiri a mafupa. Dzina lake ndi lalitali, haipofosifatesiya, ndipo m'mudzi monse amene ankalitchula osapunthwa anali mwiniwake yekha.

Mano atayamba kuguluka, amayi ake ankamuuza kuti awaponye padenga, khwangwala abweretse ena. Kenako miyendo inapindika. Akangogwa pang'ono, fupa linkathyoka. Anzake akamapita kumjigo, iye ankatsala. Akamasewera fulaye, iye ankasunga masilipasi awo.

Dokotala wa ku chipatala chachikulu ku Blantyre ndiye anatulukira matendawo. Anawafotokozera motere:

"Mafupa ali ngati khoma la nyumba. Mwa mwana wanu mchenga ulimo, simenti ilimo, koma womata ndiye akusowa. Womata ameneyu ife timamutcha enzaimu. Thupi lake limapanga wochepa kwambiri. Si ufiti, ndipo sapatsirana. Mwana amatengera kwa makolo, kawirikawiri mbali zonse ziwiri, makolowo osadziwa kanthu. Tsono jakisoni amene tikumupatsayu ndi mmisiri waganyu. Amabwera, amamata, kenako amaweruka. Mukaleka kumuitana, khoma liyambanso kugumuka. Sangabaye lero n'kuti watha. Uyu ndi mnzake wa moyo wonse."

Mankhwalawo ankachokera kutali, kudzera ku bungwe lina lachifundo. Safuna kutentha, safunanso kuundana, choncho ankasungidwa m'furiji ya katemera ku kachipatala. Ireen ankapitako katatu pa sabata. Anamwino anamuphunzitsa kudzibaya yekha pansi pa khungu, lero pantchafu, ulendo wina pamimba, kuti malo amodzi asatupe.

Ndipo mmisiri uja anagwira ntchito! Ululu unachepa. Miyendo inalimba. Tsiku loyamba limene Ireen anasenza ndowa kuchokera kumjigo, amayi a m'mudzi anamutsatira pambuyo ndi nthungululu. Anafika kunyumba madzi atatayika theka, koma amayi ake anamwa madziwo ngati thobwa la paukwati. Ngakhale a wailesi anabwera kudzamufunsa mafunso.

Kamodzi kokha mankhwala anachedwa, nthawi imene madzi osefukira anakokolola mlatho. Ululu unabwerera m'mafupa ngati mwininyumba amene anangopita kumsika. Ireen ankadzuka pogwira khoma. Zimenezo sanaziiwale.

3. Mawu a atsibweni

Nandolo akacha, atsikana otha msinkhu amapita ku thezo. Umenewu ndi msasa waudzu kutsidya kwa mtsinje, kumene anamkungwi amawalangiza za ulemu, ukhondo ndi makhalidwe a munthu wamkulu. Lamulo lake ndi lolimba. Wolowa satuluka mpaka tsiku lotuluka onse. Mayi wobereka safikako. Mwamuna sayandikirako n'komwe.

Chaka chimenechi Ireen anali m'gulu lolowa, pamodzi ndi mnzake wapamtima Emma. Moyo wake wonse anakhala akutsala. Ulendo uno sankafuna kutsala.

Bambo ake, a Pilato, ankathyola tiyi ku esiteti ndipo ankabwera kumudzi mwa apo ndi apo. Choncho nkhani inali m'manja mwa atsibweni ake, a Winston, mlongo wa amayi ake, amene anali mwinimbumba. Iwo anabwera masana, nakhala pampando pansi pa mpeyala, naitana Ireen ndi amayi ake.

"Mbumba iyi ndi yanga," anayamba a Winston. "Mwana uyu ndamuona akukwawa, ndamuona akulira, lero ndikumuona akuthamangitsa nkhuku zanga. Wachira. Achemwali, malungo akatha, kodi mumapitiriza kumwa mankhwala? Ayi. Tsono tamvera, mphwanga. Ukakafika pamaso pa anamkungwi, za jakisoni usakazitchule. Akangomva kuti pali wina wofuna kumatulukatuluka, akubweza. Akakubweza, anthu adzati kwa a Winston kuli mtsikana wamkulu wosavinidwa. Adzakuseka pamjigo. Pamaliro adzakukhazika ndi ana. Ine manyazi amenewo sindikuwafuna, ndipo iwenso sungawasenze. Ndi masabata ochepa okha. Ukadzatuluka, ukabaye mpaka ukhute."

"Koma adokotala anati..." anayamba Ireen.

"Adokotala ali ku Blantyre. Anavinidwa iwowo?"

Mayi Agatha anayang'ana pansi. "Achimwene anena," anatero motsitsa mawu. "Mwina Mulungu akusunga."

Madzulo ake, pobwerera kumjigo, Emma anathira mchere pa nkhani yomweyo.

"Iwe mwali, tseka pakamwa. Ukangoyasamula, basi watsala. Chaka chamawa udzalowa ndi tiana ta mamina, iwe uli mtali ngati bulugama."

"Nanga miyendo ikakayamba kuwawa konko?"

"Ndidzakubereka."

"Iwe? Ndowa yomwe ikukukanikayi?"

Anaseka mpaka madzi anawatayikira m'khosi. Koma atasiyana panjira, Ireen anayenda osaimba.

4. Anthu awiri, mmisiri mmodzi

Lachisanu Ireen anapita kukabaya. Pa benchi ya kachipatala anapeza Mayi a Bokosi. Zinali zitamveka kale kuti apeza chipinda kuseri kwa tchalitchi, ndipo kuti ngakhale abusa sanauzidwe dzina.

Anamwino anatsegula furiji, natulutsa timabotolo tiwiri tofanana. Kena anapatsa Ireen. Kena anapatsa mlendo uja.

Ireen anangoti kukamwa yasa.

"Inunso?"

"Inenso. Mmisiri wathu ndi mmodzi." Mlendoyo anayang'ana uku ndi uku, kenako anatulutsa mano ake onse akumwamba, nawaika pachikhatho. "Awa ndi ogula. Khwangwala wakwathu anali waulesi."

Ireen anaseka mpaka misozi. Chibadwire anali asanaone munthu wina wa matenda ake. Anakhala pamodzi kudikira kuti mankhwala asiye kuzizira, kenako anabaya, wina pantchafu, wina pamimba, akuyang'anana ngati anthu akudya mbale imodzi.

"Munandidziwa bwanji?" anafunsa Ireen.

"Ndinakumva pa wailesi. Tsiku lomwelo ndinayamba kufunsa njira ya ku Nkando."

"Chifukwa chiyani?"

"Funso limenelo lisunge. Tandiuza, bwanji nkhope yako yagwa chikhalirecho miyendo yako yaima?"

Ireen anafotokoza zonse, za thezo, za lamulo, za atsibweni. Mlendoyo anamvetsera atatsamira ndodo yake.

"Mwali, ine mankhwala awa anandipeza dzuwa litapendeka. Mafupa anali atapindika kale, ena atathyoka n'kulumikizana mokhota. Andichotsera ululu, koma ndodo iyi sindidzaisiya. Iwe akupeza m'mawa, mafupa akukulabe. Sabata iliyonse imene ukubaya ndi mzere wa njerwa pa khoma lako. Atsibweni ako sakukuda ayi. Akuona kunja kwa khoma, pamene papakidwa laimu. Mkati ukudziwamo ndiwe. Sindikukuuza kuti usapite ku thezo. Inenso ndinavinidwa, ndipo nyimbo zake ndimaziimbabe ndikamachapa. Koma akuluakulu anati ukabisa matenda, maliro adzaulula. Ukakagwa kumeneko, anamkungwi adzakhala ndi mlandu wa chinthu chimene sanauzidwe."

"Ndiye nditani? Ndikanena, anditsaliritsa. Ndikapanda kunena, miyendo."

"Pakamwa ndi pako, mwali. Ine sindingakuyankhulire."

Mlendoyo anatseka bokosi lake, nanyamuka.

5. Funso la pabwalo

Tsiku lolowa linafika. Dzuwa litapendeka, ng'oma zinalira pabwalo. Atsikana anakhala pamphasa, miyendo atatambasula, mitu ataweramitsa, aliyense atafunda chitenje. Kumbuyo kwa mtsikana aliyense kunaima phungu wake, mayi amene amamusamalira ku thezo ndi kudzamubweza kwa makolo. Amuna anakhala patali, pansi pa mtengo wa mango.

Namkungwi anali Mayi Doris, mayi wamphamvu wogulitsa tomato pa Nkando, wa mawu omveka kutsidya kwa msika. Anakweza dzanja, ng'oma zinaleka.

"Ndifunsa kamodzi," anatero. "Alipo wodwala? Alipo wakhunyu, wamphumu, wakumwa mankhwala? Anene pano. Kutsidya kwa mtsinje kulibe chipatala."

Emma anatsina Ireen pantchafu. Pansi pa mango paja a Winston anatsokomola kawiri, chifuwa alibe.

Mayi Doris anatembenuka kuti auze oimba ng'oma ayambe.

"Ndilipo, amayi."

Ireen anali atagwada. Mawu ake anamveka pabwalo ponse.

"Ndimabaya jakisoni wa mafupa katatu pa sabata. Amasungidwa m'furiji. Ndikasiya, ululu umabwerera ndipo miyendo imafooka. Sindinachire, amayi. Ndikuyenda chifukwa ndikubaya."

Anthu anayamba kunong'onezana. Mayi Agatha anaphimba nkhope ndi chitenje. Mayi Doris anamuyang'ana mtsikanayo nthawi yaitali.

"Wachita bwino, mwana wa Agatha. Ndi ulemu umenewo. Inu nonse muli pamphasa, mvetserani. Ku thezo sitikukaphunzitsani kubisa. Mtsikana wobisa bala amadzakhala mayi wobisa mwana wodwala m'nyumba mpaka kununkha. Ine ndikanakutenga osadziwa, ukanagwa m'manja mwanga, ndikanawauza chiyani makolo ako? Koma lamulo sindinaliyambe ine. Ndinalipeza. Wolowa satuluka, chifukwa wotuluka amatuluka ndi pakamwa, ndipo wobwerera amabwerera ndi za kumsika. Ndikakulola iwe, mawa wina adzati akufuna akaone chibwenzi, wina akatchaje foni. Thezo la khomo lotsegula ndi golosale. Choncho dzuka, mwanawe. Upite kwanu. Tidzaonana chaka chamawa."

Emma anayamba kulira pansi pa chitenje. Koma Ireen sanadzuke.

"Amayi, chaka chamawanso ndidzakhala ndikubaya. Chinachonso. Jakisoni uyu ndi wa moyo wanga wonse. Ndiye kuti ine ndidzafa wosavinidwa?"

Funso limenelo palibe anali ataliganizira.

"Ine sindikupempha kutuluka," anapitiriza Ireen. "Lamulo likuti namwali asatuluke. Silikunena kuti mankhwala asalowe. Kubaya ndimabaya ndekha."

Amayi ena anayamba kugwedeza mitu. Mayi Doris anakanda duku.

"Pakamwa pako pali mano ndithu, ngakhale anachedwa kumera. Chabwino. Angalowetse ndani? Mayi ako safikako. Anamwino athu ndi a ku Karonga, sanavinidwe kuno. Aphungu ake, bwanji?"

Phungu wa Ireen anali Mayi Jennifer, oyandikana nawo nyumba. Iwo anabwerera m'mbuyo, manja ali m'mwamba.

"Ine? Ine singano yosokera yomwe ndimaiyang'ana chotsinzina! Ndiye mundipatse mankhwala ochokera kunja, osafuna dzuwa, osafuna ayezi? Akakaonongeka m'manja mwanga, ndidzalowera kuti? Upungu ndautula, tengani!"

Bwalo linaseka, koma Ireen sanaseke. Panalibe wina wodzipereka.

Kenako kunamveka kho! kho! kho!

"Ndilowetsa ine."

Mayi a Bokosi anadutsa pakati pa anthu, naima kumbuyo kwa Ireen.

"Mankhwala ake ndi anganso. Kanyamulidwe kake ndimakadziwa, ndipo anamwino akundidziwa."

"Munavinidwa, mayi?" anafunsa Mayi Doris.

"Ndiyeseni."

Mayi Doris anayandikira, naimba chapansipansi chiyambi cha nyimbo ina ya Chilomwe imene imadziwika ku thezo kokha. Mlendoyo anailandira, naimaliza, nawonjezanso ndime ina yakale imene amayi achikulire okha ndiwo anaikumbukira. Nthungululu inaphulika.

"Akuti mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa," anatero Mayi Doris. "Koma phungu wopanda dzina sindinamuonepo."

"Tsiku lotuluka, phungu amatchula dzina lake pabwalo pobweza namwali kwa makolo. Si mwambo wake umenewo?"

"Ndi womwewo."

"Tsiku limenelo mudzalimva."

A Winston anaimirira pansi pa mango paja. "Kodi mbumba yanga mukuipereka kwa munthu wosadziwika?"

"A Winston," anayankha Mayi Doris, "mbumba ndi yanu, thezo ndi langa. Mayi ake avomere basi."

Mayi Agatha anavundukula nkhope. Inali yonyowa. "Ndavomera," anatero.

Ng'oma zisanayambe, dzanja lina linatuluka m'chitenje kumapeto kwa mphasa. Anali Kondie, mtsikana wachete.

"Amayi, inenso. Ndili ndi mphumu. Kopopera ndinakabisa m'mtolo."

"Ha! Lero kukhala kuulula ngati ku tchalitchi," anatero Mayi Doris. "Katulutse, tikasunge poyera. Aliponso wina? Palibe? Ng'oma!"

Ireen anadzuka pamodzi ndi anzake, nawoloka mtsinje ali pakati pa mzere.

6. Kutsidya kwa mtsinje

Za ku thezo siziululidwa, ngakhale m'buku. Zimene zingathe kunenedwa ndi izi zokha.

Tsiku lililonse lobaya, mame asanaume, chithunzithunzi chachifupi chinkatuluka m'chifunga pa kamlatho ka mitengo, chikupendamira uku ndi uku. Atsikana akangomva ndodo, ankayamba kuimba nyimbo imene anaipeka okha:

Bokosi labwera, ee!
Labwera ndi mmisiri,
Amate khoma la mwali,
Mwali avine tione!

Ireen ankalowa m'kanyumba ndi phungu wake, n'kubaya. Emma, amene poyamba ankathawa, anadzipatsa udindo wogwira thonje.

"Ndimanena ine kuti uulule," ankatero Emma.

"Bodza! Ntchafu yanga ikadali ndi chipsera cha zikhadabo zako."

"Kumeneko kunali kukulimbitsa mtima."

Povina, Mayi a Bokosi ankakhala pamtondo wogubuduza n'kumayang'anira. Ireen akatopa, ankamukodola. "Khala pansi, mwali. Mmisiri akamamata, sagwedeza khoma." Ndipo Ireen ankapuma, osachita manyazi, pakuti aliyense ankadziwa chifukwa chake.

Tsiku lina chiperoni chinabwera ndi mvula yamawawa. Kamlatho kanaterera. Atsikana anadikira, ndodo osamveka. Dzuwa linakwera kuseri kwa mitambo, ndodo osamvekabe. Mayi Doris anamanga chitenje m'chiuno, napita kumtsinje. Anapeza mlendo uja ali tsidya lina, atakumbatira bokosi, akulephera kuponda pamtengo.

"Bwanji osabwerera, mayi?"

"Mwana akudikira."

Mayi Doris anawoloka, nawerama. "Kwerani. Ndimasenza madengu a tomato olemera kuposa inu."

Anafika ku thezo wina atabereka mnzake, bokosi lili pamutu, onse akuseka ngati ana. Atsikana anawonjezera ndime ina pa nyimbo yawo tsiku limenelo.

Nthawi zina, akakhala awiri, Ireen ankapeza mlendoyo akumuyang'anitsitsa pamphumi ndi pachibwano, ngati munthu wowerenga chinthu chimene anachitaya kalekale.

"Aphungu, ndiuzeni ine ndekha. Sindiuza munthu."

"Wakhala ku thezo masiku onsewa osaphunzira kudikira?"

"Chilembo choyamba chokha."

"Tadzolera mafuta, mwali. Khungu lako lauma."

Jakisoni sanaphonye ngakhale mmodzi. Miyendo ya Ireen inakhala yake.

7. Tsiku lotuluka

M'mawa umenewo phiri linavula chifunga chonse, ndipo minda ya tiyi inawala mpaka kumaso kuwawa. Mudzi wonse unasonkhana pabwalo. Ena anachokera ku Chinakanaka, ena ku Chitakale, ambiri a iwo atangomva kuti lero mayi wa bokosi atchula dzina.

Anamwali anatulukira kumtsinje ali pamzere, atasamba, atadzola, atavala zitenje zatsopano ndi mikanda m'khosi. Aphungu anawagwirira maambulera. Ng'oma zinasweka. Amayi anayala zitenje panjira.

Itafika nthawi ya Ireen, maso onse anali pa iye. Onse ankamukumbukira mwana wosunga masilipasi. Iye analowa pakati, naponda, natembenuka, navina. Sanadumphe ngati Emma, koma mapazi ake anagunda pansi molimba, fumbi n'kukwera. Mayi Agatha anaiwala ulemu wonse, nathamangira m'bwalo akulira ndi kululuta nthawi imodzi.

A Winston anavula chipewa, nachiponya m'mwamba.

"Mbumba yanga imeneyo! Ndimanena ine kuti mwanayu asasiye jakisoni!"

"Munanena liti, achimwene?" anakuwa Mayi Agatha.

"Mumtima!"

Anthu anagubuduka ndi kuseka.

Bambo Pilato anali atafika m'mawa womwewo kuchokera ku esiteti, atanyamula nsapato zatsopano za mwana wawo. Nkhani yonse anaimvera pansi pa mango, ndipo ankafuna kuthokoza mlendoyo ndi pakamwa pawo.

Inafika nthawi yobweza anamwali. Phungu aliyense ankagwira dzanja la namwali wake, n'kupita naye kwa makolo, n'kutchula dzina lake kuti bwalo lidziwe amene anasunga mwana. Emma anabwezedwa. Kondie anabwezedwa. Ireen anatsalira kumapeto, koma kutsala kwa lero kunali kokoma.

Kho! kho! kho!

Mayi a Bokosi anayenda pang'onopang'ono, dzanja la Ireen lili m'dzanja lawo, mpaka pamphasa pamene panakhala makolo. Bokosi analisiya. Anaima pamaso pa Bambo Pilato.

"Mwana wanu uyu. Anapita ndi miyendo iwiri, wabwera ndi miyendo iwiri. Anadziyankhulira yekha. Ine ndinangonyamula bokosi."

Bambo Pilato anatambasula manja kuti aombe m'manja, koma manjawo anaima m'malere. Nsapato zija zinagwa pamphasa.

"Mayi, pepani," anatero. "Tavulani magalasiwo."

Mlendoyo anavula.

Bambo Pilato anadzuka mwapang'onopang'ono.

"Bambo, mwatani?" anafunsa Ireen.

"Mwafanana ndi munthu wina," anatero Bambo Pilato, osamuyankha mwana wawo. "Nthawi ya nkhondo, tikuthawa kuchokera ku Mozambique, tinasiya achemwali anga pa chipatala cha amishoni ku Milanje chifukwa sankatha kuyenda. Ine ndinali kamnyamata. Uthenga unatipeza kuno kuti anamwalira. Amayi anameta. Tinalira maliro opanda mtembo."

"Munalira msanga, Ganizani."

Dzina limenelo palibe m'mudzimo amene ankawaitana nalo. Mayi Agatha anagwira pakamwa. Ireen anamva dzanja la phungu wake likufinya lake, ndipo linali lotentha.

"Dzina, aphungu!" anafuula Mayi Doris, mawu ake atasasa. "Bwalo likudikira."

Mlendoyo anapatsa Ireen ndodo yake kuti amugwirire. Anaima yekha, mowongoka monga mafupa ake akanalolera, nayang'ana bwalo lonse, kenako nayang'ana mlongo wake.

"Ine ndine Alefa," anatero. "Alefa Pilato."